Tayala la chubulesi likakana kulowa pa limu

Amene munasamukira ku magudumu a chubulesi, aja opanda chubu mkati, pa njinga yampikisano mukuidziwa nthawi imeneyi. Tayala lalowa pafupifupi lonse, kwangotsala kachigawo kotalika ngati chikhatho, ndiye pamenepo lati nji, osasunthanso. Waya, mkombero wolimba uja wa m'mphepete mwa tayala, wakungika ngati chingwe cha banjo, wapingasa kunja kwa limu. Mukamukankha kumanja akuthawira kumanzere. Zala zazikulu zikuwawa mpaka m'zikhadabo, ndipo maso ayamba kusakasaka pamene pali sikuludiraiva.

Ine zinandipeza m'mawa wina wa mu Julaye kwathu ku Area 25, kuli chisanu chija cholowa m'mafupa. Anzanga ankandidikira kuti tipalase kulowera ku Lumbadzi, ine ndili pakhonde ndi tayala latsopano la mamilimita 28 ndi gudumu la kaboni limene ndinalisungira ndalama miyezi yambiri. Liva imodzi, kachipangizo kolowetsera ndi kuchotsera tayala, inathyoka, chala chinatuluka thuza. Ndinawauza anzanga kuti atsogole, nkunyamula gudumu lija kupita kwa bambo ena okonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, amene tsiku lonse amakhalira kumata machubu a kabaza.

Anayamba alitembenuza kangapo osanena kanthu. Kenako anati, "Achimwene, mukulimbana ndi mbali yolakwika. Pamene lakanapa palibe mlandu. Taonani kuno." Analoza kuseri, mbali imene ine ndinkati ndathana nayo kale. Waya anali atakwera m'mphepete mwa limu kuzungulira gudumu lonse. Anayamba kulitsina tayala lija pang'onopang'ono, kumubwezera waya pakati penipeni pa limu, manja awiri akuyenda mosiyana mpaka kukakumana pamene panakana paja. Atafika pamenepo anangopotokola ndi zikhatho, tayala phwa, lalowa. Ndinati, "Bambo, liva simunaigwire nkomwe?" Iwo anati, "Limu iliyonse ili ndi ngalande yake. Yanuyi yangochepa, nchifukwa chake imafuna kuleza mtima."

Zonse zimene ndilembe pansipa zatsamira pa mawu amenewo, ndiye tiyambe taiona limuyo mkati. Mukachotsa tayala, pakati pali ngalande yozungulira gudumu lonse. Mbali zonse ziwiri za ngalandeyo kuli malo okwera, athyathyathya, amene ine ndimawatcha khonde. Pamenepo ndi pamene waya wa tayala amakhala mukapopa. Pa malimu ambiri a chubulesi, pakati pa khonde ndi ngalande pali kachitunda kakang'ono koletsa waya kugwera mkati mpweya ukachepa. Khonde limeneli analipanga dala kuti ligwirane ndi waya kolimba, popeza mulibe chubu chosunga mpweya. Mpweya umasungidwa ndi kugwirana kumeneko.

Gudumu la 700c, limene ndi la njinga zambiri zampikisano, kuyeza kuchokera pa khonde kudutsa pakati pa gudumu lonse mpaka khonde la tsidya, ndi mamilimita 622. Kuzungulira kwake ndi mamilimita pafupifupi 1,954, ndipo waya wa tayala ndi wa muyezo womwewo. Koma kuti alowe ayenera kudumpha khoma la limu, limene ndi lalitali kuposa khonde. Mpata wodumphira ukuchokera kuti? M'ngalande. Tinene kuti ngalande yanu yatsika mamilimita 3 kuchokera pa khonde: kuzungulira kwake kwachepa ndi mamilimita pafupifupi 19. Mamilimita amenewo ndiye chuma chanu chonse. Waya akakwera pa khonde penapake, ngakhale kachigawo kochepa, mwataya gawo la chumacho, ndipo palibe mphamvu ya zala imene ingalibweze.

Sikuti waya angatamuke mukamukoka kwambiri. Timangoti waya potengera matayala a njinga zathu zakale, koma pa matayala opindika a mpikisano si chitsulo ayi, ndi ulusi wolimba wa aramid kapena wa kaboni, ndipo wa chubulesi anamupanga kuti asatamuke kuopa kuti tayala lingavuuke muli pa liwiro. Kampani ya Mavic inabweretsa chubulesi pa njinga za m'mapiri mu 1999 ndi dongosolo lake la UST, ndipo makampani a Shimano ndi Hutchinson anaibweretsa pa njinga za pamsewu mu 2006. Panapita zaka zoposa khumi makampani asanagwirizane muyezo umodzi wa chubulesi ya pamsewu kudzera ku ETRTO, bungwe la ku Ulaya loona za miyezo ya matayala ndi malimu. Pa zaka zimenezo opanga malimu ankakulitsako pang'ono, opanga matayala nkumachepetsako pang'ono, aliyense kudziteteza. Kwa ife kuno nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa njinga ndi magudumu ambiri amene timagula mu Lilongwe ndi ogwiritsidwa kale ntchito kunja, a zaka zomwezo.

Muyambe mwawerenga manambala

Musanavutike, tsimikizani kuti tayala ndi limu nzapachibale. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala monga 25-622 kapena 28-622. Yachiwiriyo, imene ndi muyezo wa gudumu uja, ndiyo yofunika. Njinga zina zakale zampikisano zimene zimabwera za kaunjika zili ndi magudumu a mainchesi 27, amene muyezo wake ndi 630. Njinga zathu za kabaza zija za 28 x 1½ muyezo wake ndi 635. M'maso onsewa amaoneka ofanana, ndipo chosokoneza nchakuti matayala ena a 622 amalembedwanso kuti mainchesi 28. Tayala la 622 pa limu ya 630 silingalowe, ngakhale muitane mudzi wonse. Ndinaonapo mnyamata wina ku Biwi atadula waya wa tayala latsopano chifukwa cha zimenezi, ndipo zinandimvetsa chisoni chifukwa matayala amenewa sapezeka wamba mumzinda muno.

Onaninso khoma la limu mkati. Malimu ena ali ndi kambedza kumapeto kwa khoma, ena khoma lake ndi loongoka, amene amawatcha hookless. Pa oongokawa pamaloledwa matayala a chubulesi okha amene wopanga wanena kuti ndi oyenera, ndipo mpweya usapitirire 72.5 psi, amene ndi 5 bar, pa geji ya pampu. Mwachitsanzo Continental Grand Prix 5000 TL, imene inatuluka mu 2018 nkutchuka ndi kuuma kwake polowetsa, siiloledwa pa malimu amenewa. Imene inalowa m'malo mwake mu 2021, ya S TR, ndiyo imaloledwa. Pomaliza yang'anani kamuvi kosonyeza kumene tayala liyenera kuzungulira. Kulilowetsa chotembenuza ndiye kuti ntchito yonse muyambiranso.

Kalowetsedwe

Tayala lozizira ndi louma. Lichotseni m'katoni, liwongoleni, muliyanike padzuwa pa simenti kapena pamwamba pa galimoto kwa mphindi 15 kapena 20. Mu Okutobala dzuwa la kuno limachita ntchito imeneyi mwachangu. Mu Juni ndi Julaye ndi bwino kudikira dzuwa likwere, kapena kuliviika tayala m'beseni la madzi ofunda. Kutentha sikutalikitsa waya kwenikweni, koma kumafewetsa mphira kuti tayala lizimvera mukamalipinda.

Mbali yoyamba kawirikawiri siivuta. Ilowetseni, nkuonetsetsa kuti yagona m'ngalande. Pa malimu a ngalande yopapatiza, mbali yoyambayi ndi imene imadzatsekereza inzake, ndiye ikankhireni kutsidya pang'ono kuti yachiwiri ipeze pogona pakuya penipeni.

Mbali yachiwiri muyambire moyang'anizana ndi vavu, mudzamalizire pa vavu. Ambiri tinazolowera kuyambira pa vavu, ndipo pa njinga za masiku onse sizivuta. Koma vavu ya chubulesi ili ndi phazi la mphira limene limakhala m'ngalande momwemo. Mukayambira pamenepo, waya amakwera pa phazilo m'malo motsika, ndipo mwataya mpata pamalo amene umafunika koposa, chifukwa mpata wambiri umachokera mbali yoyang'anizana ndi pamene mukumalizira.

Zikayamba kuuma, imani. Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ili. Imikani gudumu pa mapazi anu kapena pa kasaka, vavu ili pansi. Yambirani pamwamba, manja awiri, kutsina tayala kuti waya agwere m'ngalande, uku mukulikankhira pansi ngati mukukama, dzanja lina kumanja lina kumanzere mpaka afike kufupi ndi vavu. Musasiye kukanikiza potembenuza gudumu, chifukwa mukangotayirira waya amabwereranso pa khonde mwakachetechete. Mudzaona kuti kachigawo kotsala kaja kafupika. Lowetsani zimene zalola, mubwererenso pamwamba, mukamenso. Pa tayala louma ine ndimazungulira katatu kapena kanayi.

Ngati waya akuthawa mbali ina pamene mukulowetsa mbali inayo, malegeni ndiye dzanja lanu lachitatu. Dulani timizere ta chubu chakale, mumange tayala ndi limu pamodzi molimba pamalo pamene waya akuyambira kutuluka, komanso malo awiri kapena atatu kuzungulira gudumu kuti waya asachoke m'ngalande. Kunja amagulitsa zomangira zapadera za ntchito imeneyi, koma legeni imagwira chimodzimodzi ndipo siikanda limu.

Kachigawo komaliza musakakankhe pakati. Yambirani kumapeto kwake, pang'onopang'ono, sentimita imodzi kuno, ina uko. Pakani thovu la sopo wotsukira mbale pa waya ndi pamphepete pa limu, koma pokhapo, kuti pogwira manja pakhale pouma. Girizi, oyilo kapena mafuta odzola ayi: amawononga mphira, ndipo sauma, choncho tayala limakhala loterera pa limu mpaka kalekale. Kenako gudumu likhale patsogolo panu, mbali yotsalayo iyang'ane kutali ndi inu kapena kwa inu malinga ndi mmene manja anu amapezera mphamvu, mugwire tayala lonse ndi zikhatho nkulipotokola kuti ligubuduke pamwamba pa khoma. Zikhatho zili ndi mphamvu kuposa zala. Kansalu kouma kapena magolovesi amathandiza kuti khungu lisasupuke.

Liva si yoletsedwa, koma ikhale yapulasitiki, yopyapyala kunsonga. Ilowetseni pafupi ndi kumapeto kwa kachigawo kotsala, munyamule pang'ono pokha, muisunthe, munyamulenso. Mukailowetsa pakati nkufuna kunyamula zonse kamodzi, ndi mmene inathyokera yanga ija. Samalani kuti nsonga isakhudze tepi, ija imamatidwa mkati mwa limu kutseka mabowo a masipoko. Maliva achitsulo, sipuni ndi sikuludiraiva zisayandikire limu ya kaboni, ngakhale ya aluminiyamu, chifukwa kabala kakang'ono pa khonde kamakhala njira ya mpweya mpaka kale. Mukapita nalo gudumu kwa okonza njinga, auzeni mwaulemu zimenezi asanayambe, muwapatse maliva anu. Ngati muli ndi wachibale wobwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku Ulaya, mutumeni kachipangizo kotchedwa Tire Bead Jack ka Kool Stop, kamene kamatsamira pa khoma lina nkukoka waya kudumphitsa khoma linalo. Kwa amene manja awo ndi ofooka, kamasintha zinthu.

Likakanabe, kayikirani tepi

Mwa magudumu onse amene anzanga abwera nawo kwathu akudandaula, ambiri vuto linali tepi. Tepi ya chubulesi ndi yopyapyala ngati pepala, ndipo imayenera kutsatira maonekedwe a limu, kutsika m'ngalande nkukweranso. Ikamatidwa mosakanikiza imangodutsa pamwamba ngati mlatho, ngalande nkukwiririka. Dinani ndi chala pakati: ngati ikubonyoka nkubwerera, pansi pake pali mphako, ndiye kuti mpata wanu uli pansi pa tepi. Ena amasiya tepi yakale yansalu kapena lamba wapulasitiki mkati nkumata yatsopano pamwamba. Ena pofuna kutseka mpweya amazunguliza tepi yakuda ya magetsi kanayi kapena kasanu. Kuzunguliza kulikonse kumakulitsa khonde nkuchepetsa ngalande.

Matulani zonse, pukutani zomata zotsalira ndi spiriti, limu iume. Tepi ikhale yotambalala kuposa mkati mwa limu ndi mamilimita awiri kapena anayi: limu ya 21 mkati imafuna tepi ya 23 mpaka 25. Poimata ikokeni kolimba uku mukuikanikiza m'ngalande ndi kansalu. Pa njinga ya pamsewu kuzunguliza kawiri nkokwanira. Ngati tayala linagwirapo kale ntchito, chotsaninso silanti (madzi omata aja amathiridwa m'tayala kuti azitseka timabowo) wouma amene wakakamira pa waya, chifukwa naye amawonjezera kunenepa.

Tayala latsopano louma kwambiri mukhoza kuyamba mwaliveka pa limu yakale ya chubu, imene ngalande yake ndi yakuya, nkulipopa ndi chubu mpaka muyezo wolembedwa pambali, ligone choncho usiku umodzi kapena awiri. Mapindikidwe a m'katoni amawongoka ndipo limalowa mosavutirapo.

Ambiri kuno tili ndi malimu a chubulesi koma timaikamo chubu, popeza silanti amasowa. Palibe cholakwika, koma chubu chimalanda malo m'ngalande ndipo nchosavuta kuchitsina. Chipopeni pang'ono chabe kuti chiime chozungulira, muchilowetse chonse mkati mwa tayala. Pofika kumapeto, ngati kwauma, chiphwetseniko. Mukamaliza kankhirani vavu mkati kuti chubu chisapanikizike pansi pa waya, ndipo zungulirani mbali zonse ziwiri mukusuzumira musanapope. Chubu chimene chatsinidwa ndi liva chimakhala ndi kabowo kong'ambika m'mbali kapena chakumimba, osati kumsana kumene minga imalasa.

Lalowa, koma mpweya ukungotuluka

Tsopano vuto latembenuka. Waya uja mumamukakamiza kukhala m'ngalande akufunika akwere pa khonde. Chimamukweza ndi mpweya wambiri wolowa nthawi imodzi. Onetsetsani kuti mawaya onse awiri ali uku ndi uku kwa vavu, osati pamwamba pake. Pakani thovu la sopo kuzungulira konse. Masulani kamtima ka vavu kuti njira ikule, mupope mofulumira ndi pampu yoimika pansi, gudumu litapachikidwa kuti tayala lisaphwanyike pansi. Mukamva kuti pha! pha! ndiye kuti waya wadumpha kachitunda kaja.

Zikakanika, njira imene siinandikhumudwitsepo ndi ya chubu. Chotsani vavu ya chubulesi, ikani chubu, popani mpaka mbali zonse zikwere. Phwetsani, tsegulani mbali imodzi yokha, tulutsani chubu, bwezerani vavu. Mbali inayo yatsala pa khonde, ndiye mpweya uli ndi khomo limodzi lokha lothawira. Njira yomweyi imakanikizanso tepi yatsopano kuti igwire bwino.

Kompuresa ya pa filing'i siteshoni kapena kwa omata matayala a galimoto imathandiza, koma ndi yoopsa. Mlomo wake ndi wa vavu ya galimoto, pamene yathu ndi yopyapyala ija yotchedwa Presta, ndiye pamafunika kachilumikizo, ndipo pa mavavu ambiri kachilumikizoka kamamangidwa pa kamtima komwe kaja, choncho musakachotse. Gwirani paipi nokha, mulowetse mpweya pang'onopang'ono modukiza. Tayala la njinga limadzaza m'kamphindi, ndipo wozolowera matayala a minibasi akhoza kupitiriza muyezo asanazindikire. Muyezo wa mpweya woyenera kutsatira ndi wocheperapo pa awiri awa, wa pa tayala ndi wa pa limu. Ngati mwaufika koma waya sanakwere, musawonjezere. Phwetsani, pakaninso sopo, yambiraninso.

Pafupi ndi waya pali kamzere kozungulira tayala lonse. Kazioneka mofanana pamwamba pa khoma la limu mbali zonse ziwiri. Pamene kamira ndiye kuti waya sanakwere, ndipo mukapalasa mudzamva gudumu likudumphadumpha. Zikakhala bwino, phwetsani, thirani silanti kudzera pa vavu, mamililita 30 mpaka 60 malinga ndi kukula kwa tayala, bwezerani kamtima, popani, nkuligwedeza gudumu chogoneka mbali iyi ndi inayo. Mpweya ukamatulukira pa vavu kapena m'mabowo a masipoko, musalimbane ndi kumanga nati ya vavu ndi pulayala. Kawirikawiri ndi tepi imene yabooka kapena yamatuka, mwina ndi liva yanu yomwe ija. Ndi kutentha kwa kuno, silanti muzimuyang'ana miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, makamaka kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa.

Pamsewu

Zonsezi pakhonde nzopiririka. Nkhani imakula mukakhala kupitirira Nathenje kapena panjira ya ku Mchinji, galasi lang'amba tayala, silanti walephera kutseka, ndipo mukufunika kuika chubu. Kuchotsa tayala la chubulesi kumayamba ndi kumugwetsa waya pa khonde. Tulutsani mpweya wonse. Gwirani tayala ndi manja awiri, mulipotokolere kutali ndi khoma mpaka waya adumphe kachitunda nkugwera mkati. Silanti wouma amamata ngati guluu, ndiye nthawi zina limakana. Zikatero gonekani gudumu pa udzu kapena pa nsapato, disiki ya buleki isakhudze pansi, mupondetse chidendene pa tayala pafupi penipeni ndi limu, osati pa limu. Pakangotseguka pamodzi, kwinako kumatsatira.

Musathamangire liva waya asanagwere m'ngalande kuzungulira konse. Akatero, kamani mpata kulowera ku vavu monga poyamba paja, ndipo liva idzalowa mosavuta pafupi ndi vavuyo. Nati ya vavu ndi imene imasiya anthu ambiri panjira: ngati munaimanga ndi chitsulo kunyumba, zala sizingaimasule kutchire. Izimangidwa ndi zala basi. Musanaike chubu, yendetsani kansalu mkati mwa tayala, chifukwa mumakhala minga ndi timawaya ta matayala a malole timene silanti anatseka kalekale inu osadziwa, ndipo tonseto tikudikira chubu chanu chatsopano. Pong'ambika pakakhala papakulu, ikani kachidutswa ka tayala lakale kapena ndalama yapepala yopinda mkati kuti chubu chisatuzuke.

Ine tayala lililonse latsopano ndimaliyesa kunyumba ndisanathire silanti: kulilowetsa, kulikweza pa khonde, kulichotsa, nkulilowetsanso ndi zokhazo zimene ndimayenda nazo, maliva awiri, malegeni atatu, kabotolo ka madzi a sopo ndi pampu yam'thumba. Likandikanika pakhonde tepi ili bwino ndipo ndatsata zonse, sindipita nalo kutali. Ndimaliveka pa gudumu lina la ngalande yakuya kapena kusinthana ndi mnzanga amene limu yake imalilola, ine nkufuna la mtundu wina.